Galimoto Ikadzuka

Tsiku limene anasudzula a Pilato, nkhani ya nyumba sinavute. Nyumbayo anamanga okha, njerwa anaumba ndi kuwotcha okha, koma anaimanga pa dothi la akazi awo, ndipo kwathu kuno mkamwini sasenza nyumba pamutu. Mapeyala amene anabzala, nthochi, chitsime cha kuseri, zonse zinatsalira ana ndi eni mbumba. Malemu a Edna, akazi awowo, anali atagona kumanda, mwambo unali utatha, ndipo a Bryson, mlongo wawo wa malemuwo, ananena mawu amene amanenedwa pa tsiku lotero.

"Alamu, munatisungira bwino mlongo wathu. Tilibe nanu chifukwa. Tsopano ndinu omasuka, njira ya kwanu ku Milonde ndi yoyera."

Chimene chinavuta ndi galimoto.

Inkaima kuseri kwa nyumba pansi pa mtengo wa mapeyala, chigalimoto chobiriwira cha asilikali a dziko lina la ku Ulaya, matayala ake ofika munthu m'chiuno. Inabwera ndi bungwe lina logawa chimanga chaka cha madzi osefukira, ndipo bungwelo pochoka linaigulitsa pa okushoni. A Pilato anali atangopuma kumene ntchito yoyendetsa thirakitala ku esiteti ya tiyi, ndiye zonse zimene analandira popuma anazitsanulira momwemo. Galimotoyo inagwira ntchito, tisanamizane. Inanyamula zinanazi, nkhuni, mchenga, amayi a Mvano ndi nyimbo zawo, ndipo inkakwera misewu imene njinga yamoto imakana. Ulendo wake womaliza unali wochokera ku chipatala cha Mishoni itanyamula bokosi la a Edna. Bokosi litatsitsidwa, a Pilato anaibwezera kuseri n'kuizimitsa. Kuchokera tsiku limenelo sinalirenso.

"Kuchoka ndichoka," anatero a Pilato pa bwalo la mwambowo. "Ine si munthu wokakamira pamudzi pa eni. Koma ndichoka pa galimoto yanga. Ikadzuka, tsiku lomwelo mundionera kumsana."

Mawuwo anamveka a munthu wa mutu wake, ndipo a Bryson anavomera pamaso pa anthu onse. Galimoto kukonza sabata ndi yaitali, ankaganiza choncho.

Sabata yotsatira a Bryson anabwera ndi Felix, makanika wa pa Chinakanaka amene amakonza maminibasi, zigayo, ngakhale mawailesi zinthu zikavuta. Felix asanatsegule n'komwe thumba la masipanala, a Pilato anaima pakati pa iye ndi galimoto.

"Iyi si minibasi, achimwene. Iyi ndi ya nkhondo. Ili ndi buku lake, ndipo popanda bukulo sipanala isaikhudze. Mukaiononga, mundipezera kuti ina?"

Felix anayang'ana kutalika kwa chigalimotocho, n'kuvomereza mwamsanga kuti akuluwo akunena zoona. Anaoneka ngati munthu amene wakhululukidwa mlandu.

Bukulo silinabwere ndi galimoto pa okushoni paja, ndipo kulifuna ku Mulanje kuno kunali ngati kufunsa sipeya ya ndege pa msika wa Chinakanaka. A Pilato ankadziwa zimenezo. Enafe tinkadziwanso chifukwa chake. Ku Milonde anachokako ali mnyamata. Makolo awo anatha, alongo awo anatha, otsala anali zidzukulu zongowaona pa maliro. Ukulu wawo wonse anaudyera pano, pa khonde lomwelo, ndi mkazi yemweyo. Kwawo kunangotsala dzina, ndipo ankakuopa. Tsiku lililonse galimoto ili chete linali tsiku linanso lodzuka m'nyumba mwawo n'kusesa pansi pa mapeyala awo. Koma pakamwa pawo pankatuluka zina. Aliyense wodutsa ankamuuza kuti, "Bukulo likanapezeka, bwenzi pano ndili kwathu kalekale."

Mmodzi amene anawakhulupirira ndi mtima wonse anali Ireen, mwana wawo womaliza, mphunzitsi wa pa pulaimale. Mwana savuta kukhulupirira bambo ake, makamaka mawu awo akamagwirizana ndi zimene iye akufuna. Ireen anali pa chitomero ndi Godwin, kalipentala, ndipo Godwin ankayembekezera kudzamanga pamudzi pa mkazi wake monga anachitira a Pilato kale. Malo kuno ndi osowa. Uku tiyi wa esiteti, uku manda, pakati anthu othithikana. Malo okhawo amene a Bryson anapezera Ireen anali pomwe panaima galimoto. Njerwa anaumba, anawotcha, anaziunjika pambali. Mvula inazipeza pompo, zinayamba kumera ndere, ukwati ukusunthidwa mwezi ndi mwezi.

Choncho tsiku lina ataweruka kusukulu, Ireen anakhala pa khonde ndi foni yake n'kuyamba kusaka bukulo. Kulakwa kwa a Pilato kunali pamenepo. Iwo foni ankaidziwa ngati chinthu cholengezera maliro ndi kumverera nyimbo za kwaya.

Poyamba zinawayendera. Ireen analemba dzina limene linali kutsogolo kwa galimoto, ndipo buku limene linabwera linali la magalimoto onyamula katundu wa m'masitolo, zithunzi zake zosafanana ndi chilichonse cha kuseri kwa nyumba. Lachiwiri linali la galimoto yomweyo ndithu, koma munali zithunzi zokhazokha, injini itamwazidwa ngati nkhuku yoduladula, kachitsulo kalikonse ndi nambala yake, popanda chiganizo ndi chimodzi chomwe chonena chochita.

"Ilo ndi la ogulitsa zitsulo, mwanangu," anatero a Pilato akuseka, kuseka kwa munthu amene mwala wamuphonya. "Usatayepo bandulo yako."

Ireen sanaleke. Anakagwera pa gulu la madala a ku Ulaya amene amasunga magalimoto otere mongosangalala. Amawatsuka Lamulungu, amawajambula, osanyamulapo ngakhale thumba limodzi la chimanga. Mmodzi wa madalawo anamulembera kuti asiye dzina la kutsogolo, asilikali sayendera dzina. Afufuze kachitsulo kokhomeredwa mkati pafupi ndi chitseko, kolembedwa nambala yaitali, chifukwa mabuku a asilikali amatsata nambala imeneyo. Anamuuzanso kuti mabukuwo amakhala angapo pa galimoto imodzi, la dalaivala, la amakanika, la zitsulo, ndipo ayambe ndi la dalaivala. Ireen anakwera, anathamangitsa nkhuku imene inkaikira pa mpando, anapala penti ndi kachitsekero ka botolo mpaka nambala inaoneka. Anaijambula n'kutumiza. Mawa lake buku linali mu foni.

Kulipulinta kunatenga masiku, chifukwa pa Chinakanaka magetsi akakhalapo inki imatha, inki ikapezeka magetsi amazima. Potsiriza Ireen anafika nalo kunyumba mu katoni ya sopo, n'kuliika pa miyendo ya bambo ake ali ndi chimwemwe cha munthu wobweretsa mphatso.

A Pilato anayang'ana chithunzi cha pa tsamba loyamba kwa nthawi yaitali. Inali yomweyo, mpaka kachitsulo kopondapo pokwera.

"Ndi lomweli," anatero. "Wachita bwino, mwanangu."

Anathokoza ngati mmene munthu amathokozera namwino akamubaya jakisoni.

Kupeza buku ndi kwina, kulimva ndi kwinanso. Chingerezi cha mmenemo sichinali cha kusukulu, ndipo Ireen, amene amakonza ana a eni tsiku ndi tsiku, anadzipeza akuwerenga mawu osadziwa chimene akuloza. A Pilato Chingerezi chawo chinathera pa moni wa kwa manijala, koma zitsulo ankazidziwa ndi manja. Ndiye ankagawana. Ireen ankawerenga n'kumasulira mmene angathere, kenako n'kuonetsa chithunzi chokhala ndi muvi ndi nambala, ndipo a Pilato ankati, "Oho, akunena sefa ya dizilo. Nanga osangonena choncho bwanji?"

Chapakati pa bukulo panali masamba ogawidwa patatu: vuto, chimene chachititsa, chochita. Buku la asilikali limalembedwera munthu amene ali ndi akuluakulu pamwamba pake, ndipo mizere yambiri inkathera pa mawu amodzimodzi, akuti dalaivala alekere pomwepo, akanene kwa amakanika a gulu lake. A Pilato anawakonda kwambiri mawu amenewo. Ireen akangowafika, iwo ankagwedeza mutu.

"Wamva? Anthu a mwambo amenewa. Sangokhudza zinthu mwachisawawa."

Koma mizere ina inali yotheka, ndipo ankaigwira Loweruka lililonse. Mabatire anafunika awiri olumikizana, anakabwereka kwa mwini chigayo. Anakhetsa madzi amene anadikha pansi pa thanki. Anatsuka sefa, anatulutsa chisa cha makoswe m'njira ya mpweya, anapopa matayala mosinthana ndi Godwin mpaka misana kuwawa. A Pilato sankachita ulesi pa ntchitoyi. Manja awo ankaikonda, ndipo ankaiwala kumene ikuwatengera. Chibadwire Ireen anali asanachezepo ndi bambo ake motalika chotero. Anamuuza mmene amayi ake ankakhalira pa mpando wa kumanzere ndi dengu la zinanazi pa miyendo, zabwino zokhazokha, akukana kuziika kumbuyo kuti zingaphwanyike. Anamuuza za tsiku limene amayiwo anatsika pa mlatho wa matabwa n'kuwoloka wapansi, akuti ngati kuli kufa afe mmodzi, ana asatsale okha. Ireen ankaseka, n'kutembenuza tsamba.

Injini inayamba kuzungulira. Inkatsokomola, kugwedeza galimoto yonse, koma osalira.

Loweruka lomaliza a Bryson anabwera ndi mpando wawo. Godwin analipo, ife oyandikana nawo tinalipo, chifukwa mbiri inali itamveka kuti lero ndi lero. Ireen anatsegula pa tsamba la injini yozungulira koma yosalira, n'kutsika ndi chala mzere ndi mzere. Zonse anali atachita kale, kupatula mzere wa pansi penipeni. Unkanena za kampopi kotsekera dizilo, kobisika kunsi kwa galimoto kuseri kwa chopondera cha dalaivala, kamene asilikali amatseka akafuna kuisiya nthawi yaitali. Panali chithunzi, muvi utaloza pamalopo. A Pilato, amene anaima kumbuyo kwake, anachiona chithunzicho. Muvi sufuna Chingerezi.

Ireen anayala thumba pansi, anamanga chitenje zolimba, n'kulowa chagada. Kunsi kuja kunali dzimbiri, akangaude ndi matope ouma a misewu ya zaka zambiri. Kampopi kokha kanali koyera. Kanapukutidwa bwino, kakunyezimira oyilo wa posachedwa, kuti kasagwire dzimbiri n'kukanika kutseguka tsiku lofunika. Chogwirira chake chinali chopingasa paipi. Kanali kotseka, ndipo sikanadzitseke kokha.

Anakhala chigonere pamenepo. Kumene anagonako ankangoona mapazi a anthu, ndipo pafupi penipeni panali mapazi a bambo ake mu magambutsi awo odula a ku esiteti, osasuntha. Anachita manyazi, manyazi otentha, pokumbukira katoni ya sopo ija ndi mmene anamwetulira poipereka. Kenako anawamvera chisoni bambo akewo.

"Iwe Ireen, wagona kumeneko?" anaitana a Bryson. "Buku likuti chiyani?"

Anatuluka, anadzisasa fumbi, anatenga tsamba lija. Anaika chala pamzere n'kuwerenga ndi mawu a m'kalasi.

"Likuti dalaivala alekere pomwepa, amalume. Akanene kwa amakanika a gulu lake."

"Gulu lake liti?"

"La asilikali eni galimoto."

"Ali kuti asilikaliwo?"

"Ku Ulaya, amalume."

Ena anaseka. A Bryson sanaseke. Anayang'ana galimoto, anayang'ana mulu wa njerwa, n'kung'ung'udza mawu a Chilomwe amene sanenedwa pamaso pa akamwini. Godwin anavula chipewa n'kukanda m'mutu.

"Ndiye nyumba bwanji, Ireen?"

"Tikachita lendi pa Chinakanaka. Anthu akukhala."

Anabwezera tsambalo mu katoni n'kuitseka. Bambo ake sanawayang'ane.

A Pilato ndi amene ankamuyang'ana. Mwana ameneyu anali asananamepo pamaso pa amalume ake, ndipo bodza lake linali losapsa, nkhope yake inkachita kuonetsa. Anayang'ananso njerwa zija, zobiriwira ndere mbali ya kumvula. Njerwa ankazidziwa. Ankadziwa kuti zikaona dzinja linanso zili pamtetete, theka lidzangofumbutuka m'manja.

"Wadumpha mzere, mwanangu."

"Ayi, ababa. Ndawerenga zimene zalembedwa."

"Wadumpha."

Anagwada movutikira, bondo limodzi kenako linzake, n'kupisa mkono kunsi kwa galimoto. Sanasuzumire n'komwe. Dzanja linapita lokha. Anadzuka, anatsegula kutsogolo, anapopa kapampu ka pamanja mpaka dizilo anafika, n'kukwera pa mpando wawo. Injini inazungulira, inatsokomola monga mwa masiku onse, kenako inagwira. Utsi wakuda unadzaza mtengo wa mapeyala, nkhuku zinabalalika, agalu a mudzi wonse anayankha.

Anthu anaomba m'manja. A Bryson anaimirira mpaka mpando kugwa.

"Buku ndi buku, anthuni! Sukulu ndi yabwino!"

Enafe amene tinaona mmene dzanja lija linapitira tinaomba nawo m'manja, chifukwa panalibe china choti tichite nawo manjawo.

A Pilato anaisiya ikulira kuti ipope mpweya wa mabuleki, n'kulowa m'nyumba. Sanachedwemo. Anatuluka ndi sutikesi, bulangeti, wailesi, ndi mpando wawo wa pakhonde. Godwin anawathandiza kukweza. Galimoto yopangidwira kunyamula gulu la asilikali ndi zida zawo, katundu wa a Pilato anangokhala pakona imodzi, ndipo anachita kumumangirira ndi chingwe kuti asamagubuduke.

Apa m'pamene ulemu unawabwerera a Bryson.

"Aaa, alamu, nanga mukuchita kuthamanga ngati tayambana? Gonani, munyamuka mawa. Kapena sabata ya mawa."

"Ndinati tsiku lomwelo," anayankha a Pilato.

Anatsanzika aliyense ndi dzanja, mwa dongosolo, kuyambira akuluakulu. Nyumba sanaicheukire. Atakwera anapeza chitseko cha kumanzere chikutseguka. Ireen anakwera n'kukhala pa mpando uja, katoni ya sopo ili pa miyendo, ataigwira ndi manja awiri.

"Ukupita kuti?"

"Ndikuperekezani, ababa. Ikavuta panjira, awerenge ndani?"

Onse awiri ankadziwa kuti sivuta. A Pilato analowetsa giya. Galimoto inatuluka pang'onopang'ono, inathyola nthambi imodzi ya mapeyala, inadutsa pakati pa nyumba ndi chitsime, n'kulowa mu msewu wa pakati pa tiyi. Tinaimva nthawi yaitali itasiya kuoneka.

Pamalo pamene inkaima paja panatsala chigamba cha dothi louma, chopanda udzu, cha ngodya zinayi zowongoka bwino. Godwin anachiyesa ndi mapazi n'kunena kuti zipinda ziwiri zikwana, mwinanso ndi kakhonde.

Ireen anabwerera Lamulungu masana pa minibasi, katoni ataisiya konko. Anapeza zikhomo zitakhomedwa kale, chingwe chitakokedwa, a Bryson akuloza pomwe padzakhale khomo. Atamuona anamukodola mosangalala.

"Wabwera! Mwayenda bwanji? Galimoto sinavute?"

"Sinavute, amalume."

"Nanga kwawoko anawalandira bwanji alamu anga?"

Ireen anayang'ana chingwe chija, n'kuchilumpha mosamala kuti asachisunthe.

"Anawalandira bwino," anatero. "Anawapatsa mpando, anawapatsa madzi. Kenako anawafunsa dzina."